Funsani Azakhali: kuzungulira Sri Lanka pa basi, chikwama chili kumsana

Mwezi uno makalata ambiri abwera ndi nkhani imodzi. Chilembereni m'magazini yapita ija kuti ndinakazungulirapo chilumba cha Sri Lanka pa basi ya gulu, mafunso sakutha, ena mpaka kundiimitsa mumsika wa Zomba dengu lili m'manja. Ndasankhapo makalata angapo, ndipo ena ndawafupikitsa kuti malo akwane.

Azakhali, ndine namwino wa zaka 29. Ndakhala ndikusunga ndalama kwa nthawi yaitali kuti ndikaoneko kunja. Pa Facebook ndaona kampani ina ikutsatsa ulendo wa masabata awiri wozungulira Sri Lanka pa basi, wokhala ndi munthu wotitsogolera, aliyense atabereka chikwama chake. Mnzanga akuti kumeneko n'kutaya ndalama, bola ndikaziyendera ndekha pa mabasi wamba. Ndimvere ziti?
Namwino, Matawale

Mwana wanga, ngati aka n'koyamba kuti utuluke mu Africa, kwera basi ya guluyo. Koma usakwere iliyonse, ndipo usalole kuti ulendo wako wonse uthere pampando wa pawindo.

Sri Lanka ili m'nyanja yamchere ya Indian Ocean, kumunsi kwenikweni kwa India. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 65,610, kungoposa pang'ono theka la Malawi, koma muli anthu pafupifupi 22 miliyoni. Ukayang'ana pamapu umaganiza kuti masiku ochepa akwana kuti ulimalize. Ayi ndithu. Misewu ya kumapiri ndi yokhotakhota komanso yopapatiza, moti kuchoka ku Kandy kukafika ku Nuwara Eliya, mtunda wa makilomita pafupifupi 80, basi imatha kudya maola atatu.

Magulu ambiri amatsata njira imodzi. Ndege imatera pa bwalo la Bandaranaike ku Katunayake, mumagona ku Negombo pafupi pomwepo, kutacha n'kulowera pakati pa chilumba, ku Dambulla ndi Sigiriya. Kuchoka apo ndi Kandy, kenako mapiri a tiyi ku Nuwara Eliya ndi Ella, n'kutsikira kumwera ku nkhalango za nyama za Udawalawe kapena Yala, n'kudzamalizira m'mbali mwa nyanja, ku Mirissa ndi Galle, mpaka kutulukira ku Colombo.

Ubwino wa basi ya gulu ndinauonera pa Sigiriya. Ndi thanthwe limodzi lalikulu loima lokha pakati pa nkhalango, lotalika mamita pafupifupi 180. Mfumu Kashyapa, imene inalamulira kuyambira chaka cha 477 mpaka 495, inamanga nyumba yake yachifumu pamwamba penipeni, itapha bambo ake Dhatusena n'kulanda mpando umene unayenera kupita kwa m'bale wake Moggallana. Kuti ukafike pamwambapo umakwera masitepe pafupifupi 1,200, n'kudutsa pakati pa mapazi awiri akuluakulu a mkango, zotsalira za chipata chakale. Wotitsogolera anatidzutsa kusanache, za matikiti atakonza kale, ndipo pamene dzuwa linkayamba kuluma ife tinali tikutsika, anthu obwera paokha akadali pamzere pansi. Anatiuzanso pomwe pali zisa za mavu kuti tidutsepo mwakachetechete. Pakanapanda iye ndikanangoona mwala ndi njerwa zakale, mbiri yonse ija n'kundidutsa.

Palinso zing'onozing'ono zimene zimatopetsa mlendo. Zikwangwani zambiri zili m'zilembo za Chisinhala ndi Chitamil, Chingerezi chilipo koma osati paliponse. Mabasi wamba, ofiira a boma ndi a anthu enawo, ndi otsika mtengo kwambiri, mnzakoyo sakunama. Koma amadzaza mpaka pakhomo, amathamanga, ndipo chikwama chako chikhoza kukhala pamiyendo ulendo wonse. Wangotsika ndege, tulo ta usiku wathunthu sunagone, nthawi yawo ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka, ndalama zawo za rupee sunazizolowere. Pamenepo kukhala ndi munthu amene akukudikirira ndi basi n'chinthu cha mtengo wake.

Tsono umve zimene basiyo imakulanda. Choyamba ndi nthawi. Ku Dambulla kuli kachisi wa m'mapanga asanu, muli ziboliboli za Buddha zopitirira 150, ndipo denga lonse la mwala ndi lojambulidwa mpaka m'ngodya. Ndi malo oti munthu akhale pansi, maso azolowere mdima, aone bwinobwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tinangopatsidwa kanthawi kochepa, wotitsogolera akuloza wotchi. Madzulo a tsiku lomwelo basi inaima pa munda wina wa zokometsera ndiwo cha ku Matale, ndipo kumeneko tinakhalitsa kuposa ku kachisi, chifukwa kunali sitolo. Zimenezo zinandiwawa, ndipo mpaka pano zimandiwawabe.

Chachiwiri ndi anthu, ndipo ichi ndiye chachikulu. M'basi umakhala ndi alendo anzako ochokera ku Germany, Australia ndi Britain. Mumadya limodzi, mumagona malo amodzi, mumacheza m'Chingerezi za kwanu. Ambiri ndi anthu abwino. Koma ukhoza kuzungulira chilumba chonse n'kubwerera ku Matawale usanachezepo ndi mwini dziko aliyense kupatula dalaivala, womuthandiza wake ndi wokutsogolerani. Zimene ndimakumbukira kwambiri ku Sri Lanka sizinachitikire m'basi. Zinachitikira m'sitima yochoka ku Nanu Oya kupita ku Ella, momwe banja lina linandisunthira malo n'kundigawira tizitumbuwa ta mphodza ta tsabola tomwe amagulitsa m'sitimamo, agogo a m'banjamo akundiloza dzina la siteshoni iliyonse. Zinachitikiranso tsiku limene tinapatsidwa kuti aliyense achite zake, pamene ndinatsata kanjira ka m'minda mpaka pa Nine Arch Bridge, mlatho wa njanji wa miyala ndi njerwa, n'kukhala ndi mayi wina wogulitsa kokonati tikudikira sitima limodzi.

Ndiye posankha kampani funsa zinthu izi. Gululo ndi la anthu angati? Lopitirira 16 lisiye, chifukwa nthawi imathera kudikirirana pa zimbudzi ndi pa chakudya. Kodi pali malo amene mukagona masiku awiri otsatizana, kapena tsiku lililonse n'kumanga katundu? Pali masiku angati opanda pulogalamu? Kodi sitima ya kumapiri ili momo, mipando yake yosungitsiratu, ndipo njanjiyo ikuyenda pa nthawi imene ukupita? Ngati tchuthi chako chikulola, tikiti ya ndege yobwerera uikankhire patsogolo masiku atatu kapena anayi gulu litabalalika. Pofika nthawiyo udzakhala utadziwa mtengo wa tuk-tuk (njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu), kapatsidwe ka moni ndi chakudya chimene mimba yako yalandira. Masiku amenewo kwera basi yofiira ija, ubwerere kumalo kumene mtima wako unatsalira.

Azakhali, ndili ndi golosale ndipo ndikufuna kukayenda ndi mayi a kunyumba pokumbukira zaka 25 za ukwati wathu. Kampani imene tapeza ikuti pa mtengo wawo zonse zili momo. Ndi zoona zimenezi?
Bambo wa golosale, Chinamwali

Bambo, choyamba ndikuyamikireni pa zaka zimenezo. Koma mawu akuti "zonse zili momo" musawalandire ndi pakamwa pokha. Safunsa anadya phula. Auzeni akulembereni, tsiku ndi tsiku, chimene chalipiridwa ndi chimene mukalipire nokha.

Kawirikawiri tikiti ya ndege siili momo, ndipo kwa ife a kuno ndiyo imadya ndalama zambiri, nthawi zina kuposa ulendo wa basiwo. Palibe ndege yochoka ku Chileka kapena ku Kamuzu International Airport molunjika ku Colombo. Mudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kenako nthawi zambiri Doha kapena Dubai. Yang'anitsitsani maola odikirira pakati pa ndege ndi ndege, chifukwa tikiti yotchipa imatha kukugoneketsani pa benchi usiku wonse.

Ndalama zolowera malo odziwika nazo makampani ena amazisiya kunja. Mlendo amalipira zambiri kuposa mwini dziko, ndipo pa Sigiriya pokha munthu mmodzi konzekerani madola 30 kapena kuposerapo. Galimoto yokaonera nyama ku Yala kapena Udawalawe imakhala ndi mtengo wake. Chakudya cham'mawa chimakhalamo, koma nkhomaliro ndi mgonero nthawi zambiri ndi zanu. Pomaliza ulendo pali mwambo wosonkherana kangachepe kothokoza dalaivala, womuthandiza ndi wotsogolera, ndipo imeneyi muiwerengere muli kuno. Onjezani viza, imene kwawoko amaitcha ETA ndipo imapemphedwa pa intaneti musananyamuke, komanso inshuwalansi ya paulendo. Vizayo muipemphere pa webusaiti ya boma lawo, osati kwa anthu oima pakati amene amawonjezera mtengo. Mapasipoti anu akhale ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo asanathe.

Chinanso kwa inu awiri: maulendo a anthu obereka zikwama amatchipa chifukwa amagoneka anthu angapo m'chipinda chimodzi, pa mabedi osanjikana. Nenani msanga kuti mukufuna chipinda chanuchanu, ndipo akuuzeni mtengo wake.

Za ndalama zakunja simukusowa kuuzidwa, ndinu a bizinesi. Kwacha kumeneko simungaisinthe, choncho pitani ku banki yanu kudakali miyezi, ndi tikiti ndi mapepala a ulendo m'manja, mufunsenso malire a khadi lanu mukakhala kunja. Madola akhale oyera, osang'ambika. Musanalipire kalikonse, onani ngati kampani ya ku Sri Lanka imene ikakuyendetseni inalembetsedwa ku Sri Lanka Tourism Development Authority, bungwe la boma limene limalembetsa makampani otere ndi kupereka ziphaso kwa otsogolera alendo. Munthu akakupatsani nambala ya foni yake kuti mutumizeko ndalama zonse, m'siyeni pomwepo.

Mukakafika, basi ikakuimikani pa sitolo ya miyala yamtengo wapatali. Dzikolo lilidi ndi miyala ya safiro, makamaka cha ku Ratnapura, koma m'masitolo oimikako alendo mtengo umakhala utaphatikiza komishoni ya amene wakubweretsani. Kagulireni mayi mphete ngati mtima wafuna. Zoti mukapikule miyala n'kudzagulitsa kuno, musayese.

Azakhali, mwana wanga wamkazi walembetsa ulendo umenewu ndipo ine tulo sindikugona. Ndimamva kuti dziko limenelo kuli nkhondo, mabomba ndi madzi osefukira. Ndimuletse?
Mayi wodandaula, Sadzi

Amayi anzanga, nkhawa yanu ndaimva, ndipo zimene munamvazo sizongopeka. Nkhondo inalikodi, pakati pa boma ndi gulu la Tamil Tigers, kuyambira 1983 mpaka 2009, makamaka kumpoto ndi kum'mawa. Pa 26 Disembala 2004 mafunde a tsunami anapha anthu opitirira 30,000 pachilumbachi, ndipo pa Peraliya, m'njira ya ku Galle, anakokolola sitima yodzaza anthu. Basi yathu inaima pa chikumbutso cha pamalopo ndipo tonse tinakhala chete. Pa Pasaka wa 2019, pa 21 Epulo, mabomba anaphulika m'matchalitchi ndi m'mahotela n'kupha anthu opitirira 250. Mu 2022 chuma chinagwa, mafuta anasowa, anthu anagona pa mizere, mpaka pulezidenti Gotabaya Rajapaksa anathawa m'dzikomo mu Julayi chaka chimenecho. Zonsezo zinachitika. Koma nkhondo inatha kalekale, ndipo alendo akuyendanso njira ndatchula ija tsiku ndi tsiku. Musamuletse. Mukhale naye pansi mukambirane zoopsa zenizeni, zimene zilibe mbiri yaikulu.

Choyamba ndi nyanja. Ana athu anaphunzira kusambira ku Mangochi, ena m'madziwe a Mulunguzi ndi Likangala, ndipo amadziona ngati akatswiri. Nyanja yamchere ndi ina. Ili ndi mikokomo ya madzi obwerera mkati imene imakoka munthu ali m'madzi ofika m'chiuno chabe. Asambire pomwe eni dera akusambira, afunse kaye, akaona mbendera yofiira asalowe, ndipo atamwa mowa asayandikire madzi n'komwe. Madzi akamukoka asalimbane nawo polunjika kumtunda, asambire cham'mbali motsata gombe mpaka atatulukamo.

Chachiwiri ndi udzudzu. Bungwe la WHO linalengeza mu 2016 kuti malungo anatha ku Sri Lanka. Koma kuli dengue, imene imafalitsidwa ndi udzudzu woluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo, choncho neti yokha siikwanira. Azidzola mankhwala othamangitsa udzudzu. Thupi likatentha amwe panado, osati asipirini kapena brufen, chifukwa amenewa amawonjezera vuto la kutaya magazi pa dengue, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Akafika kwa dokotala anene poyera kuti wachokera ku Malawi ndipo akufuna ayezedwenso malungo. Akhoza kunyamuka nawo kuno osadziwa n'kukamugwetsa ali kumeneko, kumene madokotala sawaonanso kawirikawiri. Ndi bwino akayezetse asananyamuke. Ngati ndege yake ikamudikiritsa maola opitirira 12 ku Addis Ababa kapena Nairobi, akhale ndi khadi la katemera wa yellow fever. Madzi azimwa a m'botolo kapena owiritsa, ndipo agalu ndi anyani a m'makachisi asawaseweretse, chiwewe chiliko.

Poti ndi mtsikana, mumuuze mosabisa kuti m'mabasi odzaza ndi m'misewu ya usiku amuna ena amakhala ndi manja aatali. Usiku aziyenda ndi anzake a m'gulu, ndipo m'basi wamba akhale pafupi ndi amayi. Apa ndi pamene basi ya gulu imathandiza mtima wa kholo: pali munthu amene amawerenga mitu m'mawa uliwonse. Akusiyireni pepala la malo onse ogona ndi nambala ya wowatsogolera, ndipo akangotera agule simu khadi ya Dialog kapena Mobitel pa bwalo la ndege pomwepo kuti muzilankhulana pa WhatsApp.

Azakhali, ndine mphunzitsi, ndipo mpata ndimaupeza mu Ogasiti kapena pa Khirisimasi. Nthawi yabwino ndi iti?
Mphunzitsi, Domasi

Aphunzitsi, nthawi zonse ziwiri n'zotheka, koma njira zake n'zosiyana. Chilumbachi chimalandira mvula kuchokera mbali ziwiri. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala imagwa kwambiri kumwera chakumadzulo ndi kumapiri, ndipo cha kumapeto kwa chaka mpaka Febuluwale imasamukira kumpoto ndi kum'mawa. Choncho njira ya Kandy, Ella ndi Galle imakoma kuyambira Disembala mpaka Malichi, ngakhale pa Khirisimasi mitengo imakwera ndipo malo amadzaza. Mu Ogasiti funani gulu lolowera kum'mawa, ku Trincomalee kapena Arugam Bay. Nyengo yomweyo njovu zambirimbiri zimasonkhana pa damu la Minneriya, pafupi ndi Sigiriya, ndipo mu Julayi kapena Ogasiti ku Kandy kumakhala chikondwerero cha Esala Perahera, cha ng'oma, ovina ndi njovu zovekedwa nsalu, cholemekeza dzino la Buddha limene limasungidwa m'kachisi wa mumzindamo. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha Ogasiti chifukwa cha zimenezi, bola malo ogona ku Kandy asungitsidwe msanga.

Azakhali, ndine wophunzira pa yunivesite. M'chikwama ndiikemo chiyani? Nanga nsima ndikaipeza? Komanso munthu wakuda amamulandira bwanji kumeneko?
Wophunzira, Chikanda

Mwana wanga, chikwama chikhale choti ukhoza kukwera nacho kuchoka m'tauni mpaka Ku Chawe osachitula. Ngati sungathe, chotsamo zina. Uzichikweza ndi kuchitsitsa m'basi pafupifupi tsiku lililonse, ndipo malo ambiri ogona ndi a masitepe. Zovala zikhale zochepa, zopepuka, zouma msanga. Koma juzi usaisiye. Nuwara Eliya ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,870, ndipo usiku kumazizira, nkhungu ndi mvula yowaza zili pomwepo. Tenganso jekete ya mvula, masilipasi, nsapato zoyendera, kaloko ka chikwama ndi adaputa, poti nyumba zina zakale zili ndi masoketi a mabowo ozungulira.

Zitenje ziwiri zikuthandiza kuposa china chilichonse, kaya ndiwe mnyamata kaya mtsikana. M'kachisi salowa mawondo ndi mapewa zili pamtunda, ndipo nsapato ndi chipewa zimatsala pakhomo. Ika masokosi m'thumba, chifukwa masana miyala ya pabwalo la kachisi imaotcha mapazi. Usajambulitse utafulatira chiboliboli cha Buddha, ndipo usavale malaya okhala ndi chithunzi chake. Anthu ambiri m'dzikomo ndi Abuda, ndipo zimenezi amazitenga mozama. Ahindu, Asilamu ndi Akhristu aliponso, moti ku Negombo tchalitchi cha Katolika suchisowa, ndipo mzikiti umaupeza m'tauni iliyonse yaikulu. Tsiku limene mwezi uli wathunthu, lotchedwa Poya, ndi tchuthi mwezi uliwonse, ndipo mowa sagulitsa.

Nsima kulibe. Chakudya chawo ndi mpunga ndi ndiwo zingapo m'timbale ting'onoting'ono: mphodza, nsomba, maungu, nyemba zaziwisi, nthawi zina chinangwa, zambiri zophikira mkaka wa kokonati. Amadya ndi dzanja lamanja, ndiye pamenepo suvutika. Tsabola ndiye wambiri. Ngakhale iwe wozolowera kambuzi, masiku oyamba uzipempha kuti achepetse. Ulaweko kottu, chapati chodulidwadulidwa pa chiwaya ndi masamba, dzira kapena nyama, chimene umachimva kulira kwa zitsulo zodulira usanachione. Ulawenso appa wa dzira m'mawa, chitumbuwa chopyapyala cha ufa wa mpunga, ndi madzi a kokonati wachikasu amene amagulitsa m'mbali mwa msewu. Malo amene basi imaimika alendo amaphika zozizira ndiponso zodula. Funsa dalaivala kumene iye amadya, umutsatire.

Funso lako lomaliza ndi labwino. M'midzi anthu akuyang'ana, ana akutsatira, ena akupempha kujambulitsa nawe, ndipo ambiri dzina la Malawi akhala akulimva koyamba. Ine zambiri zimene ndinakumana nazo zinali chidwi chabe ndi ulemu. Amene wakupitirira malire umuuze modekha kuti ayi. Pa bwalo la ndege ukhale ndi mapepala osindikiza: tikiti yobwerera, kalata ya kampani ndi malo ogona, kuti mafunso akachuluka usasowe poloza. Ndipo udziwe kuti si iwe woyamba wa kuno kuponda kumeneko. Pafupi ndi Puttalam, m'mudzi wa Sirambiadiya, muli mabanja amene makolo awo anatengedwa ku Africa m'nthawi ya atsamunda, kuyambira ndi Apwitikizi, ndipo mpaka lero amasunga nyimbo ndi magule awo otchedwa manja. Basi za alendo sizidzera kumeneko. Ngati ukhala ndi masiku akoako, ndi ulendo woyenera kuuganizira, utapeza kaye munthu wokakudziwitsa kwa eni mudzi.

Azakhali, ndinagwira ntchito m'fakitale ya tiyi ku Thyolo mpaka kupuma. Ana anga akufuna kundilipirira ulendowu kuti ndikaone tiyi wa ku Ceylon amene tinkangomumva. Kodi pa basi ya gulu ndikaonadi za tiyi, kapena akangondionetsa zoonetsa alendo?
Bambo wopuma ntchito, Thondwe

Bambo, ana anu akuchitirani chinthu chabwino, ndipo mwa onse amene andilembera, inu ndi amene mukaone zambiri, chifukwa maso a ntchitoyi muli nawo kale.

Mbiri ya tiyi wawo ndi wathu inalukana. Chilumbachi, chimene chinkatchedwa Ceylon mpaka 1972, chinali dziko la khofi. Mu 1867 James Taylor wa ku Scotland anadzala tiyi pa esiteti ya Loolecondera, chapafupi ndi Kandy, ndipo kuyambira 1869 matenda a chiwawu cha masamba atayamba kupha khofi, eni minda anatembenukira ku tiyi. Mmodzi mwa azungu oyamba kudzala tiyi ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, Henry Brown, anachokera ku Ceylon komweko. Cha mu 1890 Thomas Lipton anagula minda kumeneko, ndipo fakitale ya Dambatenne pafupi ndi Haputale ikugwirabe ntchito.

Zimene zikakudabwitseni ndi kutsetsereka kwa minda. Tiyi wawo amamugawa potengera kutalika kwa malo: wa m'munsi mwa mamita 600, wa pakati mpaka mamita 1,200, ndi wa pamwamba pa apo, amene ndi wopepuka mtundu koma wonunkhira kwambiri. Mafakitale ambiri amapotokola tsamba pa makina akale aja m'malo molidula tizidutswa monga munkachitira ku Thyolo, ndipo tiyi amakagulitsidwa pa okushoni ku Colombo, monga wathu ku Limbe.

Kunena zoona, basi ya gulu ikakupatsani zochepa. Mumalowa m'fakitale, mtsikana wovala yunifolomu amakuyendetsani mwachangu, mumamwa kapu imodzi, n'kutulukira m'sitolo. Kwa mlendo wamba n'zokwanira, kwa inu ayi. Ndipo pali china chimene sachitchula pokhapokha mutafunsa. Amayi amene mukawaone akuthyola tiyi, thumba lili kumsana lamba ali pamutu, ambiri ndi Atamil amene makolo awo anabweretsedwa ndi Angerezi kuchokera kumwera kwa India m'zaka za m'ma 1800. Dziko litalandira ufulu mu 1948, lamulo la chaka chomwecho linawasiya opanda unzika, ndipo otsala omaliza anadzaupeza mu 2003. Mabanja ambiri akukhalabe m'nyumba zazitali zogawidwa tizipinda, banja lonse kachipinda kamodzi. Alendo amatsika m'basi, kuwajambula osapempha, n'kukwera. Inu amene mukudziwa kulemera kwa dengu la tsamba lonyowa ndi mmene sikelo imawerengera, kapatseni moni kaye, ndipo chithunzi chikhale chopempha.

Uzani ana anu alembere kampaniyo kuti mukufuna tsiku lathunthu ku Haputale kapena ku Nuwara Eliya, gulu likapita kokwera mapiri inu mutsale. Mukapite ku fakitale ndi tuk-tuk m'mawa wa tsiku la ntchito, makina akuyenda, osati Lamlungu kapena tsiku la Poya. Mukanene kuti munagwira ntchito ya tiyi ku Malawi ndipo mukupempha kuonana ndi woyang'anira fakitale kapena wolawa tiyi. Munyamule paketi yosatsegula ya tiyi wa ku Thyolo, mukaipereke kwa iye, afulule makapu awiri moyandikana kuti mulawe nonse.